Katundu Wonyezimira wa Gologolo

Padangokhala, kale lija nyama zikadapalirana moto ndi kubwerekana mchere, padali Njati, nduna yaikulu ya Mfumu Njovu. Njatiyo adali pa mitala. Mkazi wamkulu adali Njiri, wamng'ono adali Mbawala, ndipo nyumba zawo zidayang'anizana, bwalo limodzi pakati.

Njiri adali mlimi woopsa. Nkhokwe yake ya mtedza inkadzaza mpaka kudenga, ndipo ana a nyumba zonse ziwiri ankakhutira kwa iye. Koma alendo akafika pamudzipo, maso awo ankadumpha nkhokwe, kudumpha mwini nkhokwe, n'kukatera pa Mbawala. Mbawala akangotuluka ndi tsache, odutsa ankaiwala kumene amapita. Njati nayenso akamadya ndiwo zotendera za Njiri, ankatafuna akuyang'ana khomo la Mbawala.

Njiri zonsezi ankaziona. Ankangomeza. Komatu nsanje ukaimeza siigayika, imangokhala m'mimba ngati mwala.

Mumtengo wa pafupi ndi bwalolo munkakhala Gologolo. Iyeyu munda adalibe, khasu sankalidziwa, koma mtedza ankaukonda kuposa mayi ake omubereka. Tsiku lina ali panthambi adaona Njiri akusenda mtedza, maso ali pa Mbawala, mpaka adayamba kutaya mtedza n'kumasunga makoko.

"Ohoo," adatero Gologolo. "Munda wanga ndi umenewu."

Adathamangira kubwinja, natola mtsuko wakale wong'aluka kunsi. Adamata mng'aluwo ndi dongo, natikita mtsuko wonse ndi masamba a nkhwani, kenaka n'kukauika panjira ya Nkhono. Nkhono adali nkhalamba yosaona bwino, yoyendera fungo, ndipo paliponse pamene wadutsa ankasiya kanjira konyezimira.

"Ndikumva nkhwani," adatero Nkhono. "Ali kuti, mdzukulu?"

"Kwerani pang'ono, agogo. Ali chakumtundaku."

Nkhono adakwera. "Kuno kulibe."

"Zungulirani kuseriko. Ayi, tsikani pang'ono. Eya, mwatsala pang'ono."

Nkhono adazungulira mtsuko wonsewo, kuyambira kukamwa mpaka kunsi, nkhwani osamupeza, nachoka akung'ung'udza. Dzuwa litaumitsa, mtsuko uja udangoti nyezinyezi, woti munthu n'kutsinzina pouyang'ana.

Gologolo adausenza, nayamba nyimbo. Idali nyimbo yaifupi, yoti mwana aigwira tsiku lomwelo. Inkanena za diso, kuti diso limadya m'kamwa musanalawe, ndiponso kuti chinthu chowala sichigona panjira chifukwa mwini wake ali kale pakhomo akusuzumira. Pothera pake ankakweza mawu ngati akuitana munthu wa kutali, mchira ukumuvinira.

"Odi kuno, Mayi!"

"Ukufunanji, Gologolo?" adafunsa Njiri. "Mtedza wopempha udatha."

"Zopempha ayi, Mayi. Ndingopumako pamthunzi panu, katunduyu wandilemera."

Njiri adauyang'ana mtsukowo, nabweza maso msanga. "Mitsuko ndili nayo."

"Ndikudziwa, Mayi. Yanu ndi yolimba, yakuda bii, yoyenera munthu wa ntchito. Uwu ndi wa anthu oyang'anidwa. Ndikupita nawo apa, kwa Mayi aang'ono."

Khutu la Njiri lidagwedera. "Wakutuma ndi iyeyo?"

"Kundituma ayi. Koma atauona dzulo, tsache lidawagwa m'manja."

"Bwera nawo kuno. Mtsuko wabwino ndi lichero limodzi la mtedza."

"Wabwino, inde. Uwu ndi wokongola, Mayi. Dengu lodzaza."

"Dengu? Wapenga?"

"Tsalani bwino, Mayi," adatero Gologolo akuusenzanso.

Sadafike n'pakati pa bwalo pomwe. Njiri adamuthamangira, namukokera kuseri kwa nkhokwe, namudzazira dengu mpaka kusefukira.

M'mawa mwake Njiri adapita kuchitsime ndi mtsuko watsopano. Adatunga, nasenza. Asanapite patali dongo lija lidasungunuka, madzi onse n'kumutsikira kumsana. Adaima panjira ali chinyowere, mano gwa. Adalumbira kuti mtsukowo akauswera pamutu pa Gologolo.

Koma njira yopita kumtengo wa Gologolo inkadzera pabwalo, ndipo pabwalopo Mbawala adali kupeta. Atangoona mtsuko uja, lichero lidaima m'manja mwake. Kukamwa kudangoti yasa. Mphepo idabwezera mankhusu kumaso kwake, iye osaphethira.

Njiri adachepetsa liwiro. Adawongola khosi. Adadutsa, nabwerera ngati waiwala kanthu, nadutsanso. Chikwatiwireni, sadamvepo kukoma kotere. Mwala uja wa m'mimba udapepuka.

Kuyambira tsiku limenelo, madzi enieni ankatunga ndi mtsuko wake wakuda, kudzera njira ya kuseri. Akatha, ankasenza wonyezimira uja uli wopanda kanthu, n'kudutsa nawo pabwalo akudzandira pang'ono ngati walemedwa.

Tsono Mbawala nsanje sankaidziwa, poti chibadwire ndiye ankayang'anidwa. Itamugwira, idamugwira ngati malungo a munthu wosazolowera. Chakudya chidamukanika. Ndiye tsiku lina Njati ali m'nyumba mwa Mbawala momwemo adati, "Koma mtsuko uja wa akulu ako, ayi ndithu, ulipo." Mbawala adatembenukira kukhoma.

Gologolo adamva zonsezi ali padenga. Adabwerera kubwinja, napeza mtondo umene chiswe chidaudya m'kati n'kungosiya khungu. Adatseka maenje ndi dothi, natikita nkhwani, nakauika panjira ya Nkhono.

"Iwe mdzukulu, tsiku lija udandiyendetsa pachabe."

"Mudamuphonya pang'ono, agogo. Lero ndiye alipo wambiri. Kwerani."

Nkhono adakwera, adatsika, adazungulira, nachoka akutukwana chapansipansi. Mtondo udangoti waliwali.

Gologolo adaukunkhuniza akuimba nyimbo yake ija ya diso, koma tsopano adaonjezapo mawu ena, onena kuti amene ankayang'anidwa dzulo lero ndiye akuyang'ana. Ana a pamudzipo adamutsatira akuvomereza, osadziwa kuti akuimba amayi awo.

"Odi, Mayi aang'ono!"

Mbawala adatuluka maso ali psuu. "Iwe, mtsuko uja bwanji sudabwere nawo kwa ine?"

"Ndinkabwera kwa inu, Mayi, Akulu adanditsekereza panjira. Mukuwadziwa mphamvu zawo."

"Nanga mtondowu auona?"

"Sanauone. Koma ndikangotuluka muno, njira yanga ndi ya pakhomo pawo."

"Usatuluke. Dengu, eti?"

"Dengu ndi la mtsuko, Mayi. Mtsuko umaoneka pokhapokha munthu akupita kumadzi. Mtondo umakhala pakhonde tsiku lonse, Akulu akatuluka awuona, akalowa awuona. Madengu awiri."

Mbawala adapereka, potapa m'kankhokwe kake kakang'ono.

Atathiramo mapira n'kugwetsa munsi kamodzi kokha, munsi udapyoza mpaka pansi, phwo! Mbawala adayang'ana uku ndi uku. Palibe adaona. Adavundikira lichero pakamwa pa mtondowo, naukhazika pakhonde pamene dzuwa limafikira, nayedzamiritsa munsi pambali pake. Kusinja kwenikweni ankakasinjira kuseri kwa chulu, mumtondo wake wakale.

Njiri atatuluka n'kuona mtondo uja, mtsuko wa pamutu pake udasanduka kanthu kachabe. Mwala uja udabwerera, utabereka ana.

Mudziwe kuti aliyense wa awiriwa ankadziwa bwino lomwe kuti chake n'chowola. Chimene sankadziwa n'chakuti cha mnzakenso n'chowola. Njiri ankati mumtima, "Wanga ngwodontha, koma mtondo wa mwana uja ndi weniweni." Mbawala ankati, "Wanga ngwobooka, koma mtsuko wa Akulu ndi weniweni." Ndipo aliyense ankadikira Gologolo ngati mvula.

Gologolo sadawagwiritse mwala. Lero chipande kwa Njiri, mawa chipeso kwa Mbawala, mkuja mpando wa miyendo yofumbwa. Chilichonse chinkadula kuposa chinzake. Nkhokwe zidatsika, zidatsika, mpaka m'nyumba iliyonse mudangotsala mtedza wa mbewu, umene mayi sakhudza ngakhale mwana alire chotani.

Mitambo itayamba kusonkhana, Gologolo adatola khasu lodyeka ndi dzimbiri, lopyapyala ngati tsamba, ndi mpini wake wofumbwa. Nkhono adakana kukwera, ndiye ulendo uno Gologolo adamangirira katsamba kenikeni ka nkhwani kunsonga kwa mpini. Nkhono adayenda khasu lonse, nadya katsambako, nati, "Waona, ukafuna umakhala mwana wabwino."

Tsiku limenelo Gologolo sadapite pakhomo pa aliyense. Adaima pakati penipeni pa bwalo, khasu paphewa, naimba nyimbo ya diso mokweza kuposa kale, mpaka pothera paja mawu adamuthera. Zitseko ziwiri zidatseguka nthawi imodzi.

"Limenelo ndi langa," adatero Njiri. "Wolima pano ndine."

"Akulu, inu makasu muli nawo ambiri," adatero Mbawala. "Ndisiyireni ili."

"Ulitani iwe? Uzilipesera?"

"Nanga inu mtsuko uja mumautani, poti khosi lanu silioneka?"

Gologolo adakweza dzanja. "Amayi, amayi! Nkhani ndi mtedza. Ali nawo ndani?"

Aliyense adadziwa chimene chatsala m'nyumba. Njiri adayang'ana khasu, nayang'ana Mbawala, naliona kale m'maganizo lili paphewa losalala lija, Njati akucheuka.

"Mbewu yanga," adatero Njiri. "Theka."

"Yanga yonse," adatero Mbawala.

"Yanganso yonse!"

"Kalanga ine," adatero Gologolo, "ndisapasule banja la nduna chifukwa cha khasu. Bweretsani nonse, ndikugawirani." Adagogoda khasu pamwala, chitsulo n'kuchoka mumpini. Chitsulo adapatsa Njiri akumunong'oneza kuti, "Khasu ndi chitsulo, Mayi, enawo atenga nkhuni." Mpini adapatsa Mbawala akumunong'onezanso kuti, "Chooneka paphewa ndi mpini, Mayi, chitsulo chimakhala kumbuyo." Aliyense adalowa m'nyumba akuyesa wapambana, ndipo Gologolo adatuta mbewu zonse.

Sipadapite masiku, mvula yobzalira idagwa dzuwa lili paliwombo, yamphamvu. Katundu yense wonyezimira adali panja poonetsera, ndipo mvula idamutsuka bwinobwino. Itakata, Njati adafika kuchokera kwa mfumu akupukusa madzi.

"Amayi, nthaka yafewa. Tulutsani mbewu."

Zii.

"Ndati mbewu!"

Mwana wamng'ono wa Njiri ndiye adayankha. "Adagulira khasu, Bambo."

Njati adaitanitsa chitsulo ndi mpini, nazilumikiza, nagwetsa khasu pansi kamodzi. Tswa! Chitsulo chidanyenyeka, mpini n'kutulutsa fumbi. Pamenepo Mbawala adaona mtsuko wa Njiri uli gada pamatope, wotuwa, mng'alu uli poyera. Njiri naye adapita pakhonde la Mbawala, navundukula lichero, nasuzumira mumtondo n'kuona nthaka. Akazi awiri aja adayang'anana.

"Chaka chino ana adya kunyezimira?" adafunsa Njati.

Mlandu udapita kwa Mfumu Njovu. Gologolo ataitanidwa sadathawe. Adafika yekha, atapanira kaphukusi ka masamba m'khwapa, nakhala pansi mwaulemu akuomba m'manja.

Njati adafotokoza zonse. Njovu adati, "Gologolo, wamva. Udagulitsa mtsuko wosasunga madzi."

"Gogo Chalo, mundilole ndifunse Mayi aakulu. Mayi, mtsuko udadontha liti?"

"Tsiku loyamba," adatero Njiri.

"Mudabweza?"

Njiri adawerama.

"Mayi aang'ono, mtondo udabooka liti?"

"Tsiku lomwelo."

"Mudabweza? Kapena mudandiitananso?" Gologolo adatembenukira kwa mfumu. "Gogo Chalo, wofuna madzi akadabweza mtsuko. Mayiwa madzi adali nawo kale. Chimene adalibe ndi maso a mkazi mnzawo, ndipo ine ndidawagulitsa maso amenewo. Mayi aang'ono, nenani pamaso pa mfumu: mudayang'ana kapena simudayang'ane?"

Mbawala adayankha motsitsa, "Ndidayang'ana."

"Nanga Mayi aakulu, mtondo uja?"

"Ndidayang'ana," adatero Njiri.

"Ndiye katundu wanga adagwira ntchito yake. Dongo ndi mtengo ndidangowapatsa ngati basera."

Bwalo lonse lidaseka, koma Njovu adagwedeza makutu. "Pakamwa uli napo. Komatu ana sadya pakamwa pako. Bweza mbewu."

"Ndikadabweza, Gogo Chalo, koma ndidakwirira."

"Kuti?"

"Apa ndi apo. Kamutu kanga n'kakang'ono, sikasunga malo."

Njati adafwenthera, nafukula nthaka ndi chiboda. Njovu adalamula kuti Gologolo amangidwe pamtengo, asadye kanthu mpaka kamutuko kakumbukire. Chingwe chitabwera, Gologolo adachita ngati wanjenjemera, kaphukusi kaja n'kugwa, masamba n'kumasuka. Mudatuluka chikho chomwera, chowala ngati mwezi.

"Pepani, Gogo Chalo," adatero Gologolo akuchitola msanga. "Mundimange, koma wina akaperekeko ichi kwa Mfumu Mvuu kutsidya. Adaitanitsa kuti azimwera pa msonkhano wa mafumu."

Tsono Njovu ndi Mvuu adali asuweni, ndipo chiyambire ubwana ankapikisana pa chilichonse, kukula kwa mimba ndi kuyera kwa mano komwe. Chitamba cha Njovu chidayamba kutambasuka chokha.

"Mvuu?" adatero Njovu. "Ndi kukamwa kwake kuja, amwere m'chikho chotere, mafumu onse akuona?"

"Ndi mmene adanenera, Gogo Chalo."

"Wapereka chiyani?"

"Sanapereke. Adati ndikatchule ndekha."

Njovu adatsitsa mawu. "Nanga chingwechi chitachoka?"

Njati adadumpha. "Gogo Chalo! Mwamva nokha mlandu wonse. Chikho chimenecho n'chong'aluka!"

"Ndikudziwa," adatero Njovu. "Mvuu akudziwa?"

Adatenga chikho, nakhosomola, naweruza kuti wogula ndi maso asadandaule ndi manja, ndipo kuti mbewu, poti ili m'nthaka ya mfumu, eni ake akaifune okha. Asadamalize n'komwe, Gologolo adali kale kunsonga kwa mtengo, nyimbo ya diso ikumveka, mchira ukuvina.

Akazi a Njati adalowa m'tchire kukafuna mtedza wawo. Mbawala kukumba sankatha, ndiye ankayenda patsogolo kuyang'ana pamene nthaka yatukuka kapena pamene kamtedza kamera. Akaloza, Njiri ankagwada n'kufukula ndi mphuno. Adapeza wochepa, wina utaola, nabzala mochedwa m'munda umodzi poti sukadakwana minda iwiri. Chaka chimenecho njala idalowa pamudzi pa nduna. Ana adagonera mizu, nthiti za Mbawala zidawerengeka, ndipo alendo adaleka kucheuka.

Tsiku lina awiriwo adakhala pansi kupuma, matope ali m'mawondo, akugawana kamuzu kamodzi. Kenaka Njiri adati, "Mng'ono wanga."

"Wawa, Akulu."

"Tsiku lija ndidadutsa ndi mtsuko, iwe ukupeta. Zimene udanena kwa mfumu zija, udangonena, kapena udayang'anadi?"

"Akulu, ndidayang'ana mpaka khosi kuwawa. Tsiku limenelo sindidadye. Ndidalowa m'nyumba n'kulira."

"Udalira?"

"Ndidalira, Akulu."

Njiri adayang'ana kamuzu kali m'manja mwake, nayang'ana mimba yake yophwa. Pang'onopang'ono mano ake aja adatuluka panja, akumwetulira.

"Ndiye mtsuko uja sudali wodula," adatero. Adanyema kamuzu kake, napatsa Mbawala mbali yaikulu.

N'chifukwa chake mpaka lero Njiri amadya chogwada, mphuno m'nthaka: akadafunabe mtedza wake. Anthu nawo adatola khalidweli kwa akazi a Njati. Pamsika mukaika zinthu ziwiri zogwira ntchito imodzi, china chotuwa china chowala, munthu amalipira chotuwa ndi dzanja limodzi, chowala ndi manja awiri, poti dzanja lachiwirilo likulipirira maso a mnansi wake.

Nthano yanga yakhalira pamenepo. Amene adakwirira mbatata paphulusa akafukule yekha isanapserere.